Cave Story: gemu imene munthu mmodzi anapanga kwa zaka zisanu

 Lero tikambe za mbiri monga mwa nthawi zonse, koma tapumako kaye pa za Ufumu wa Maravi ndi zina za pa MSCE. Ndikufuna ndikuuzeni za gemu ya pa kompyuta yotchedwa Cave Story, imene inatuluka ku Japan pa 20 Disembala 2004. Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga mwakwinya kale nkhope, mukuti nanga munthu wamkulu ngati uyu akutaya nthawi ndi zidole za ana? Dekhani pang'ono. Gemu imeneyi inapangidwa ndi munthu mmodzi yekha, pa nthawi yake yopuma, ndipo anaipereka kwa anthu ulere. Komabe olemba mbiri ya magemu akamafotokoza chiyambi cha magemu a anthu oima paokha, amene pa Chingerezi amawatchula kuti indie, dzina la Cave Story silisowa. Funso langa ndi lakuti zinatheka bwanji.

Nthawi imene inatulukira

Pa mbiri iliyonse timayamba ndi kufunsa kuti zinthu zinali bwanji pa nthawiyo. M'zaka za m'ma 1980 sichinali chachilendo kuti gemu ipangidwe ndi munthu mmodzi kapena awiri. Tetris inayambitsidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, ndipo Prince of Persia ya mu 1989 inali ntchito ya Jordan Mechner. Koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 kunabwera makina monga PlayStation, amene ankaonetsa zithunzi zokhala ngati zenizeni, zoti munthu n'kuzizungulira mbali zonse. Kupanga gemu yotere kunayamba kufuna gulu lalikulu la anthu: ojambula, oimba, olemba nkhani, olemba mapulogalamu, ndi kampani yolipira onsewo.

Chaka cha 2004 chinali pachimake pa zimenezi. Ndi chaka chimene kunatuluka Half-Life 2, Halo 2, Doom 3, World of Warcraft, ndi Grand Theft Auto: San Andreas ija ena a inu munkathera nayo ndalama za mandasi. Magemu onsewa anapangidwa ndi magulu akuluakulu pa ndalama zankhaninkhani. Munthu wopanga gemu payekha analibe msika weniweni. Steam, imene lero ndi msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, inali itangoyamba mu 2003, ndipo inayamba kugulitsa magemu a makampani ena mu 2005. Magemu a zithunzi zathyathyathya, oyenda cham'mbali ngati Super Mario wakale, ambiri ankawaona ngati fasho yakutha.

Koma ku Japan kunali mwambo wina umene unapitirirabe pansipansi. Kumeneko kuli anthu amene amapanga mabuku a zithunzi, nyimbo ndi magemu chifukwa chongozikonda, ndipo ntchito zoterozo amazitchula kuti doujin. Amakumana pa msika waukulu wa Comiket ku Tokyo, umene unayamba mu 1975. Ena ankangoika magemu awo pa intaneti kuti aliyense atenge. Choncho mwini Cave Story sanagwe kuchokera kumwamba ayi. Anakulira pakati pa anthu oona kuti kupanga gemu madzulo ukaweruka n'chimodzimodzi ndi mmene wina amaimbira gitala pakhonde.

Mwini wake

Dzina lake ndi Daisuke Amaya, wobadwa mu 1977, ndipo pa intaneti amadziwika kuti Pixel. Mawu akuti pixel amatanthauza kadontho kamodzi mwa timadontho timene timapanga chithunzi pa kompyuta. Anayamba ntchitoyi mu 1999 ali wophunzira pakoleji, ndipo anaipitiriza atalembedwa ntchito yolemba mapulogalamu. Masana ankagwira ya abwana, usiku yake. Mu 2000 anatulutsa kagemu kakang'ono kotchedwa Ikachan, ka kanyama ka m'nyanja, kamenenso kanali kaulere.

Chimene chimandigometsa ndi chakuti zonse anachita yekha. Pulogalamu analemba yekha, zithunzi anajambula yekha kadontho ndi kadontho, nkhani anapeka yekha, nyimbonso anapeka yekha. Pa nyimbozo anachita kudzipangira chida chake chozilembera, chotchedwa OrgMaker. Zili ngati mmisiri wofuna kusema mtondo, n'kuyamba kaye wasula sompho yake. Ndipo ali pakati pa ulendo, ataona kuti zimene anapanga sizikumukhutiritsa, anasiya zambiri mwa izo n'kuyambiranso. Za zimenezi anafotokoza yekha mu 2011 pa msonkhano wa opanga magemu wa GDC ku San Francisco, kumene anaonetsa anthu zithunzi za gemu yoyamba ija imene sanaitulutse. Inu amene mumadandaula ndikakuuzani kuti mulembenso chimangirizo cha masamba awiri, taganizani kutaya ntchito imene mwakhalira usiku kwa miyezi ndi miyezi.

Pamene ankaitulutsa anali ndi zaka 27. Dzina lake la Chijapani ndi Doukutsu Monogatari, kutanthauza nthano ya kuphanga. Zithunzi zake zinali za timadontho 320 chopingasa ndi 240 choimirira, ngati magemu a zaka 15 m'mbuyo mwake. Gemu yonse inali yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Kuchepa kumeneku kunaithandiza kwambiri. Ngakhale munthu wa intaneti yochedwa, yolipira pa mphindi mu kafe, ankatha kuitenga n'kuiika pa fulashi, ndipo inkayenda bwinobwino pa kompyuta yokalamba. Inenso inandipeza motero, kudzera pa fulashi ya mnzanga.

Mmene imaseweredwera

Mabatani ake ndi ochepa: mivi ya pa kiyibodi yoyendera, Z yodumphira, X yowombera, A ndi S zosinthira mfuti. Umayamba uli kamunthu ka chipewa chofiira kodzuka m'phanga, kosadziwa dzina lake ngakhale kumene kachokera. Palibe amene amakuuza chochita.

Monga mphunzitsi, phanga loyambali ndimaliona ngati phunziro lokonzedwa bwino. Ulibe mfuti, moyo wako ndi madontho 3 okha, ndipo panjira pali minga, madzi ndi mileme. Posakhala ndi chida, umakakamizika kuphunzira kudumpha, ndipo kudumpha kwake n'kwa mtundu wakewake: kamunthuko kamayandama pang'ono m'mwamba ndipo kamaterereka kakamatera. Ukafika pansi umapeza kanyumba ka mmisiri wa mfuti ali mtulo, n'kutenga mfuti yake yotchedwa Polar Star. Kenaka umabwerera njira yomwe ija, koma tsopano tizilombo tija unkatithawa ukutiwombera. Njira imodzi yakuphunzitsa zinthu ziwiri, chimodzi popita, china pobwera, popanda mawu ofotokoza. Ife timati kuchokera pa chodziwika kupita pa chosadziwika, koma ndi kangati timazichitadi m'kalasi?

Chinthu chachiwiri ndi mfuti zake. Mdani akafa amagwetsa timakona titatu tachikasu. Ukatola timeneti mfuti yako imakula mphamvu, kuchoka pa gawo 1 kufika pa gawo 3. Koma mdani akakugunda, pamodzi ndi moyo umatayanso mphamvu ya mfutiyo. Ndiye kuti wosasamala amalangidwa kawiri: wavulala, ndipo chida chake chafooka pa nthawi imene akuchifunitsitsa. Poyamba zimenezi zimakwiyitsa. Pakapita nthawi umazindikira kuti zikukuphunzitsa kudekha, kuyang'ana mmene mdani akuyendera usanathamangire kuwombera. Mfuti iliyonse ili ndi khalidwe lake. Fireball imagubuduzika pansi, choncho ndi yabwino pamalo otsetsereka. Machine Gun ikafika gawo 3, ukailozetsa pansi imakunyamula m'mwamba ngati ukuuluka. Ndipo pali ina yotchedwa Nemesis imene ndi yoopsa pa gawo 1, koma ukaikulitsa imafooka mpaka kumawombera tiabakha ta pulasitiki. Apa ndinaseka ndekha. Munthu wakuphunzitsa kwa maola ambiri kuti uzitola timakona tija, kenaka akukupatsa chida chofuna kuti uzitithawa.

Nyimbo zake ndi za timawu ta kompyuta yakale, koma zimakhala m'mutu sabata yathunthu. Ya pa Outer Wall, pamene umatuluka m'mapanga koyamba n'kuona mwezi, imachititsa kuti usiye kaye kuwombera.

Si zonse zimene zimandisangalatsa. Pali malo ena amene gemu imakutuma ngati mwana wa kumsika: pita ukatenge ichi, bwera nacho, pitanso ukatenge icho. Ku Sand Zone gogo wina dzina lake Jenka amakutuma kukasaka tiana ta agalu ake tisanu, ndipo umatinyamula pamutu kamodzikamodzi. Pofika kachinayi mtima umakhala utatopa.

Nkhani yake ndi ya nkhondo imene inatha kale

Amene mukufuna kusewera musanamve mathero, dumphani chigawo chino ndi chotsatirachi.

Phanga lija lili mkati mwa chilumba choyandama mumlengalenga. M'menemo mumakhala a Mimiga, tianthu tooneka ngati akalulu, tofatsa. Munthu wina amene amangotchedwa Doctor wapeza chisoti chamatsenga, Demon Crown, ndipo akugwira a Mimiga mmodzimmodzi kudzera mwa antchito ake awiri, Misery ndi Balrog. Cholinga chake ndi kuwadyetsa maluwa ofiira. Mimiga akadya duwa limeneli amasanduka chilombo champhamvu chosazindikira mbale, ndipo sabwereranso mwakale. Doctor akufuna gulu la nkhondo la zilombo zotere kuti akagonjetse dziko la pansi.

Chimene chimandikoka monga mphunzitsi wa mbiri ndi mmene zakale zimaululikira. Palibe amene amakukhazika pansi n'kukufotokozera zonse. Wina amakuuza chidutswa, wina chidutswa, aliyense malinga ndi bala lake. Pang'onopang'ono umamva kuti zaka khumi zapitazo maiko a pansi anatumiza maloboti a nkhondo pachilumbapo kudzalanda chisoti chija, ndipo malobotiwo anapha a Mimiga ambiri. A Mimiga ena anadya maluwa ofiira podziteteza. Kenaka umazindikira kuti iwe amene ukusewera ndiwe loboti, wa mtundu womwewo umene anthu a pano amaukumbukira ndi mantha. Ukuyenda pakati pa amene anapulumuka, iwe wosakumbukira kanthu. Ndi ntchito yomwe ndimakupatsani ndikamati yerekezani maumboni awiri otsutsana ndipo mufunse kuti wolankhulayo anaima pati.

Pali malo amodzi amene aliyense wosewera gemuyi amawakumbukira. Kamtsikana ka Mimiga dzina lake Toroko, kamene unakumana nako kumudzi koyambirira, kamagwidwa molakwika m'malo mwa wina. Umakalondola ulendo wautali, koma pofika kunkhokwe ya ku Sand Zone umapeza atakadyetsa kale duwa lija. Mtsogoleri wa mudzi, King, amavulazidwa poyesa kukapulumutsa ndipo amafera pomwepo. Iwe ulibe njira ina koma kumenyana ndi Toroko mpaka atafa. Timadontho tochepa chabe pa galasi, koma dzanja limalemera pa batani. Magemu ambiri a mfuti amakupatsa adani oti uziwapha mosangalala. Iyi imakuonetsa kuti chilombo ukuchiwomberacho dzulo chinali mwana wa eni.

Mathero atatu

Gemuyi ili ndi mathero atatu. Oyamba ndi a wothawa: mnyamata wina dzina lake Kazuma amakupempha kuti mukwere chinjoka chouluka n'kuthawa, kusiya ena onse m'manja mwa Doctor. Ukavomera, gemu yathera pomwepo. Achiwiri ndi amene ambiri amawapeza ulendo woyamba: umagonjetsa Doctor, koma chilumba chimagwa, ndipo mnzako Curly Brace, loboti lachitsikana limene linakupatsa chida chake chopumira m'madzi kuti iwe upulumuke, umakhala utamusiya m'mbuyo.

Achitatu ndi obisika, ndipo njira yake ndi yodabwitsa. Pamalo ena mkulu wina dzina lake Professor Booster amagwera m'dzenje iwe ukuona. Mtima umakuuza kuti utsikemo. Ukatsika amakupatsa chida choulukira chosamalizidwa n'kumwalira. Ukamudumpha osalankhula naye amakhala ndi moyo, ndipo pambuyo pake amakupatsa chida chomalizidwa bwino. Ndi pokhapo pamene umatha kupeza chingwe chomunyamulira Curly, kumuchotsa madzi, ndi kumuthandiza kukumbukira zakale. Iye ndi amene amakuuza dzina lako, Quote, ndi kuti awirinu munatumidwa kudzawononga chisoti chija, mosiyana ndi maloboti ena. Chimodzimodzinso mfuti yoyamba ija: panjira amakunyengerera kuti uisinthanitse ndi yamphamvu, koma ukaisunga n'kuibweza kwa mwini wake, amakukonzera Spur, imene ambiri amaiona kuti ndi yoposa zonse.

Kunena zoona, ndi anthu ochepa amene angatulukire zonsezi paokha. Ambiri timachita kuuzidwa, ndipo pamenepa ndimaona kuti Amaya anabisa mopitirira muyeso. Komabe mfundo yake ikumveka: cha pafupi chimatsekereza cha patsogolo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphotho ya zonsezi ndi chigawo chovuta koposa, Sacred Grounds, chimene chilibe malo osungira pamene wafika. Ukafa, ngakhale pa mdani womaliza, umayambiranso pachiyambi pa chigawocho. Kumapeto kwake kuli Ballos, mlongo wake wa Jenka, wamatsenga amene anthu ankamukonda mpaka mfumu ina yansanje inamuzunza, matsenga ake n'kulusa osagwirika. Chisoti chija chinachokera kwa iyeyu. Ndiye kuti muzu wa mavuto onse a chilumbacho ndi nkhanza imene munthu mmodzi anachitiridwa kalekale.

Mmene inafalikira

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Amaya anasenza lake yekha kwa zaka zisanu, koma mwambiwu sunaname, chifukwa gemu ya m'Chijapani ikanathera ku Japan komweko. Mu Januwale 2005 gulu la omasulira ongodzipereka lotchedwa Aeon Genesis linaimasulira m'Chingerezi, nalonso ulere. Kuchokera pamenepo inayenda pakamwa ndi pakamwa, popanda kampani yoilengezetsa. Okonda gemuyi anaimasulira m'zilankhulo zina ndipo anaikonza kuti iziyenda pa makina ena.

Zaka zotsatira zinasintha msika wonse. Mu 2008 kunatuluka Braid ndi World of Goo, ndiponso Spelunky ya Derek Yu imene poyamba inali yaulere. Mu 2009 anthu anayamba kusewera Minecraft, mu 2010 Super Meat Boy. Kenaka Undertale ya Toby Fox mu 2015, Stardew Valley imene Eric Barone anapanga yekha mu 2016, ndi Hollow Knight mu 2017. Sindikunena kuti onsewa ndi ana a Cave Story. Pa mbiri timapewa kupachika zonse pa chifukwa chimodzi. Intaneti yothamanga, misika ngati Steam ndi Xbox Live Arcade, ndi zida zotchipa zopangira magemu zinachita mbali yaikulu. Koma Cave Story inafika misika imeneyi isanatsegukire anthu wamba, ndipo inakhala umboni wogwirika wakuti munthu mmodzi angapange gemu yathunthu, ya nkhani, nyimbo ndi mathero, imene anthu angaikonde mofanana ndi ya kampani.

Ndalama zinabwera pambuyo. Kampani ya ku America ya Nicalis inagwirizana ndi Amaya n'kutulutsa gemuyi pa Wii mu 2010, ndi zithunzi ndi nyimbo zokonzedwanso. Mu 2011 kunabwera Cave Story+ pa Steam ndi Cave Story 3D pa Nintendo 3DS, ndipo mu 2017 inafika pa Nintendo Switch. Amaya anatulutsa gemu ina yogulitsa, Kero Blaster, mu 2014. Koma mphatso ikalowa mumsika mikangano sichedwa. Mu 2020 Nicalis inalamula kuti ntchito ina ya okonda gemuyi, amene anaimanganso kuti iziyenda pa makina atsopano, ichotsedwe pa GitHub ponena za umwini. Ambiri anakhumudwa, poti ndi anthu ongodzipereka ngati omwewa amene anaitchukitsa pachiyambi. Funso lakuti chinthu choperekedwa ulere n'kuleredwa ndi gulu chimakhala cha yani pamene chayamba kubweretsa phindu, ndi loyenera mtsutso wa Fomu 4.

Zimene ndikutolapo

Kwa aphunzitsi anzanga: sindikuti tizisiya ana azigonera pa magemu, mayeso ali pakhomo. Koma tisamaike magemu onse m'dengu limodzi. Monga pali mabuku abwino ndi achabechabe, magemunso ndi choncho, ndipo mwana amene wamaliza gemu ngati iyi wawerenga Chingerezi chambiri, walephera kambirimbiri n'kuyesanso, ndipo wakumana ndi funso la zimene nkhondo imasiya m'mbuyo. Tikamupeza wotere, timufunse chimene waphunzira tisanamulande foni.

Kwa inu ophunzira anga akale, ambiri mukandipeza mumati muli ndi maganizo abwino koma mpamba mulibe. Sindikupeputsa vutolo, ndipo sindikuiwala kuti Amaya anali ndi ntchito ya malipiro, kompyuta yakeyake ndi magetsi odalirika, zinthu zimene ambiri a inu mulibe. Koma onani bwino chimene anaikamo chochuluka. Anasankha zithunzi za timadontho chifukwa ndi zimene munthu mmodzi akanakwanitsa, anachepetsa ntchito kuti ifanane ndi manja ake, ndipo anaigwira madzulo ndi madzulo kuyambira 1999 mpaka 2004 popanda womulonjeza kalikonse. Oyamba zinthu ndi ambiri. Iyeyu timamukumbukira chifukwa anamaliza.

Gemu yoyambirira ija idakali yaulere, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yotopa. Mukaipeza yesani, ndipo mukafika pa dzenje la Professor Booster muchite zimene mtima wanu wakuuzani.